Katundu wa Kunyanja M'nyumba ya ku Mchengautuwa

Dzina lakuti Mchengautuwa m'Chitumbuka limatanthauza mchenga woyera. Munthu wa kunyanja akalimva amaganiza za doko, ngalawa ndi usipa woyanikidwa padzuwa, koma abale ndi alongo, kuno kulibe nyanja. Mchengautuwa ndi limodzi mwa madera okhala anthu ambiri mu mzinda wa Mzuzu, monganso Chibavi ndi Chiputula. Kumeneku n'kumene tapeza nyumba ya lendi titasamuka ku Nkhotakota.

Tinabwera pa lole kudzera msewu wa M5, kupyola minda ya nzimbe ya Dwangwa ndi mitengo ya labala ya Vizara. Kuchokera ku Nkhata Bay kufika ku Mzuzu ndi makilomita pafupifupi 50, koma ulendo wake ndi chitunda chokhachokha. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 500 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Mzuzu ali pa mamita oposa 1,200. Kusiyana kumeneku tinakumvetsa bwino pamene tinayamba kumasula katundu.

Kunena zoona, katundu wa munthu wa kunyanja ndi katundu wa dziko lotentha. M'makatoni munatuluka mikeka, nsalu zopyapyala, mtsuko woziziritsira madzi ndi mabulangete awiri okha a banja lonse. Kwathu ana amagona pa mkeka pansi osadandaula. Kuno mwezi wa June ndi July usiku kumazizira kufika pansi pa madigiri 10, ndipo simenti imalowetsa chisanu m'mafupa. Tsono ndalama zimene tinasungira makatani zinapita ku majuzi ndi mabulangete a pa kaunjika. Mwayi wake matabwa ku Mzuzu savuta chifukwa cha nkhalango ya paini ya Chikangawa, choncho mmisiri wapafupi anatikhomera bedi la ana sabata yoyamba yomweyo.

Choopsa kuposa chisanu ndi chinyezi. Mvula ya kuno sichedwa kubwera komanso sifulumira kuchoka. Mpaka April, nthawi zina May, imakhala ikuwaza, ndipo m'mawa chifunga chimakuta nyumba zonse. Zovala zochapa zimatha masiku awiri pa chingwe. Ufa wa kondowole ndi usipa wouma, zimene kwathu zimakhala miyezi m'dengu, kuno zimayamba fungo zikangotsamira khoma. Mayi woyandikana nafe, ataona matumba athu ali pansi, anangoti, "Aphunzitsi, kwezani izi, makoma a kuno amatuluka thukuta." Tinaika matumba pa matabwa, ndipo mabuku a madrasa tinawakhomera shelefu pa khoma la m'kati, kutali ndi mbali imene mvula imawomba. Mphunzitsi akataya mabuku ake amene anawasonkhanitsa zaka zonse za ku koleji, wataya khasu lake.

Amene mukuganiza zosamukira kuno, nyumba muziiona ndi maso a nthawi ya dzinja ngakhale mwafika m'chilimwe. Mzuzu anayamba ngati esiteti ya mitengo ya tung cha m'ma 1947, anakhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 munali anthu oposa 220,000. Anthu achuluka msanga kuposa malo abwino omangapo, n'chifukwa chake ena amanga m'zigwa ndi m'malo otsetsereka. Mu April 2016 mvula yamphamvu inagwetsa nyumba zambiri mu mzindawu ndipo anthu ena anataya miyoyo. Lendi yotsika mtengo ya m'dambo si yotsika ayi. Yang'anani mzere wa chinyontho m'munsi mwa khoma, funsaninso aneba kumene madzi amadzera. Iwo sabisa monga amachitira ena mwa eni nyumba.

Panalinso kanthu kena kamene kwathu sitinkakaganizira n'komwe. Ku Nkhotakota mwana aliyense amadziwa kuti poswali nyanja imakhala kudzanja lamanja, nkhope kumpoto. Kuno kopanda nyanja, zitunda mbali zonse ndipo dzuwa lobisika m'mitambo, tinadalira kampasi ya pa foni ndi m'bale wina wa kumzikiti kuti tidziwe koyalira msala. Madzi otawazira m'bandakucha timachita kufunditsa pa mbaula. Apa tichenjezane: mbaula ya makala isagone m'chipinda chotseka, chifukwa mpweya wake ulibe fungo koma umapha munthu ali m'tulo.

Za chiyankhulo musade nkhawa. Chichewa chimamveka paliponse, komabe "monire" ndi "yewo" zimatsekula nkhope za anthu msanga. Ana athu atola kale Chitumbuka pa mpira wa m'misewu, ndipo amatiseka ife akuluakulu tikamapotoza lilime. Njinga za kabaza kuno amazitcha Sacramento, ndipo n'zimene zinatitutira matumba a makala kuchokera ku msika. Nsomba zimabwera kuchokera ku Nkhata Bay, kondowole n'chakudya chodziwika chifukwa cha abale athu Atonga, kungoti usipa umene kwathu mlamu amangokupatsa pa doko, kuno umawerengedwa pa kamulu.

Katoni imodzi tayisiya yomanga pamwamba pa kabati. Muli malaya opyapyala a ana ndi nsalu za mayi a kunyumba, ndipo aneba atiuza kuti tidzazifuna mu October.