Telesikopu yabwino imadziwika ndi magalasi ndi miyendo yake

Anthu oyeza misewu akamagwira ntchito pa M1 cha ku Lirangwe, amawerama pa kachipangizo ka miyendo itatu, diso limodzi atatsinzina. Kachipangizoko ndi telesikopu yaing'ono ya magalasi, mtundu womwe Galileo analozetsa kumwamba mu 1609.

Mphamvu yake yagona pa kapangidwe. Galasi lakutsogolo likakhala limodzi, limamwaza kuwala, ndipo m'mphepete mwa mwezi mumaoneka timizere tofiirira ndi tobiriwira. Mu 1758 John Dollond wa ku London anayamba kugulitsa magalasi awiri ophatikizana, a mitundu yotchedwa crown ndi flint, timizereto n'kuchepa kwambiri.

Miyendo nayo ndi nkhani. Ikakhala yopepuka, kamphepo ka madzulo pa chigwa cha Chileka kamagwedeza chilichonse, mwezi n'kumangovina m'diso.

Pa katoni akhoza kulemba kuti telesikopu imakulitsa ka 600, koma galasi la mamilimita 60 limaonetsa bwino mpaka cha m'ma 120 basi. Likakhala losulidwa mwaluso, ndiponso lokhazikika mowongoka m'chubu, mwana wa kwa Kuntaja atha kuona miyezi inayi ya Jupiter ndi mphete ya Saturn ali pakhomo pa makolo ake.