Tchire la ku Fort Lister Ndi Sukulu ya Ana Athu

Amayi anzanga, ku Kenya ndi ku Tanzania kumafika alendo ochokera kutsidya la nyanja, pamodzi ndi ana awo, kudzaona nyama ku Maasai Mara ndi ku Serengeti. Akatha kuona mikango ndi njovu, makolowo amalipira ndalama zambiri kuti Amasai aphunzitse ana awo kupeka moto popanda machesi, kuzindikira mapazi a nyama ndi kutunga mikanda. Nditamva zimenezi ndinadzifunsa kuti, kodi si nzeru zomwezi zimene agogo athu kuno ku Phalombe akupita nazo kumanda popanda wozitola?

Motero pa tchuthi cha mwezi wa Ogasiti, ife amayi a m'gulu lathu tinatenga ana athu ulendo wa ku Fort Lister, pampata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Tinanyamula mbatata yophika ndi madzi akumwa, ndipo tinapempha agogo ena aamuna, amene anakulira m'tsinde mwa phirilo, kuti atitsogolere.

Pampatapo mpamene boma la atsamunda linamanga linga m'chaka cha 1893, pofuna kutseka njira ya ogula akapolo amene ankadutsa ndi anthu omangidwa m'magoli popita kugombe la nyanja ku Mozambique. Lero patsala zipupa zakugwa ndi manda. Agogo aja atafotokoza mbiriyi, ana amene ankasokosa njira yonse anangoti zii.

Kenaka sukulu inayamba. Agogo analambula malo, natenga kamtengo kouma n'kumakapota ndi zikhatho pa kathabwa kofewa. Anyamata anayesa mmodzimmodzi mpaka manja kuwawa, koma utsi osatuluka. Mtsikana wina wa zaka khumi atalandizana ndi agogo, kautsi kanafuka, ndipo ife tonse tinalulutira. Motowo tinauzimitsa nthawi yomweyo ndi dothi, pakuti udzu wa m'chilimwe suchedwa kuyatsa phiri lonse. Anawo anaonetsedwanso mapazi a anyani ndi a gwape, mtengo wa masuku ndi wa mpoza, ndiponso mombo umene umatulutsa luzi. Sitinasende mtengo ngakhale umodzi, chifukwa nkhalango ya Mulanje ndi yotetezedwa kuyambira m'chaka cha 1927.

Ngozi yaing'ono inatipeza. Mdzukulu wanga wa ku Blantyre anathyola chitedze poyesa kuti ndi nyemba, ndipo analira mpaka phiri kumuyankha. Ine manyazi anandigwira, pakuti kulakwa kunali kwanga. Mwana amene amadziwa kutsegula foni ndinali ndisanamuonetsepo chitedze.

Phunziro limene linandikhudza koposa linali la pamtsinje. Agogo anaimitsa ana nati, madzi akayamba kufiira ndi kubwera ndi zinyalala pamene kumunsi sikunagwe mvula, kapena mukamva kulindima kuphiri, thawirani kumtunda osayamba mwafuna katundu. Ife a ku Phalombe tikudziwa kulemera kwa mawu amenewa. Napolo wa m'mwezi wa Malichi 1991 anatsika ku Michesi n'kupha anthu ambiri, ndipo namondwe wa Freddy m'chaka cha 2023 anasiya maliro ku Nkhulambe ndi m'madera ena. Anawo anaona okha zitsa zimene ootcha makala asiya, ndipo anamva kuti phiri lopanda mitengo siligwira madzi. Ngakhale mkungudza, mtengo wa fuko lathu umene kwawo ndi paphiri la Mulanje pokha, watsala pang'ono kutha ndi macheka.

Madzulo titabwerera kumudzi tinadya kalongonda amene anzathu otsala anaphika. Atsikana anauzidwa kuti nyemba imeneyi ndi mbale wake wa chitedze, ndipo imafuna kuwiritsa nthawi yaitali ndi kutaya madzi kangapo, apo ayi imadwalitsa. Pambuyo pake ng'oma zinalira, ana naphunzira mapondedwe a tchopa, gule wa Alhomwe wothokozera mizimu ya makolo pa zokolola. Bungwe la UNESCO linaika guleyu m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2014, ndipo m'chaka cha 2025 linalemekezanso phiri la Mulanje. Akunja akudziwa mtengo wake wa zinthu zathu. Nanga ife eni ake?

Amayi, ulendo wotere sufuna chuma. Sankhani nyengo yachilimwe, pitani m'gulu, dziwitsani a zankhalango, ndipo musalowe m'phiri popanda wodziwa njira. Ana avale nsapato, ndipo asadye chipatso chimene wamkulu sanachione. Inu a m'tauni, tchuthi chikafika musangotumiza ana kumudzi kukadya nsima. Muwapereke m'manja mwa agogo awo akadali ndi mphamvu zoyenda. Paja akulu anati kuongola mtengo mpoyamba.