Makadi Akale a M'bokosi

Pa zaka zoyamba za m'ma 1900 anthu a ku Britain anali ndi chizolowezi chotumizirana makadi pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa munthu. Kadi lotere linkayenda lopanda envulopu. Mbali imodzi linali ndi chithunzi cha maluwa kapena mbalame, mbali inayo dzina la wolandira ndi mawu ochepa a mafuno abwino. Lero alipo anthu amene amafunafuna makadi amenewa nawasunga ngati chuma.

Makolo a ku Kasungu analibe mwambo umenewu, pakuti masiku obadwa sankawerengedwa. Munthu ankangoti anabadwa chaka cha dzombe, kapena pa nkhondo ya Chilembwe, ndiyo ya 1915. Koma pamene amuna anayamba kupita ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg, makalata ndi makadi anayamba kufika m'midzi. Ena a iwo akali pansi pa mabokosi achitsulo kufikira lero.

Wosunga makadi wodziwa ntchito yake sachedwa pa maluwa aja ayi. Iye amatembenuza kadi nayang'ana sitampa. Dziko lino linkatchedwa British Central Africa kufikira 1907, pamene linatchedwa Nyasaland, ndipo linakhala Malawi mu 1964. Motero dzina lolembedwa pa sitampa limaulula nyengo yake. Nkhope ya mfumu imathandizanso: Edward VII analamulira kuyambira 1901 kufikira 1910, George V kufikira 1936. Koposa zonse ndi chidindo cha positi, chimene chimatchula malo ndi tsiku lomwe. Banja limene silidziwa chaka chimene agogo anapita ku ulendo likhoza kuchipeza pamenepo, ndipo mboni yotere siiwala monga aiwalira nkhalamba.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mlimi wa ku Kasungu, amene sagona tulo poteteza fodya wake ku chinyezi m'chigafa, amasiya mapepala a atate ake kuti chiswe chidye. Ena amang'amba kalata ya zaka makumi asanu ndi atatu napichirira chingambwe!

Makadi amafuna pouma, m'chitini chotseka bwino, kutali ndi dzuwa. Ana a sukulu amakonda kumatula masitampa, koma ayenera kuletsedwa, chifukwa chidindo chimagwera mbali pa sitampa mbali pa kadi, ndipo sitampa ikachoka tsiku lija laduka pakati.