Maloko a mu kernel: zolemba za wophunzira wa kwa Nsamala

Lolemba

Lero ndawerenga fayilo ya list.h mu Linux. Mndandanda wake ndi wosavuta kuumva: kachinthu kalikonse kamagwira ka kutsogolo ndi next, ka kumbuyo ndi prev. Koma kulowetsa katsopano pakati kumafuna kulemba mapointa anayi, ndipo purosesa ina ikafika awiri okha atalembedwa, imapeza mndandanda uli pakatikati. Loko yotchedwa spinlock imaonetsetsa kuti wosintha akhale mmodzi. Ngati interrupt nayonso imakhudza mndandanda womwewo, pamafunika spin_lock_irqsave, apo ayi purosesa idzangodikira loko imene yagwira yokha, makina n'kuuma.

Lachinayi

Apa mutu waima. Purosesa ndi kompaila zili ndi ufulu wosintha ndondomeko ya zimene ndalemba, bola purosesa yolembayo isaone kusiyana. Inzake ndiyo imaona. Laputopu yanga ndi ya x86, imene zolemba zake zimaoneka motsatana bwino, choncho kodi yosowa barrier, lamulo lokakamiza kuti zolemba zioneke motsatana, ikhoza kuyenda osadandaula. Koma mafoni a Android a Tecno ndi itel amene adzaza pa msika wa Balaka ali ndi ARM, ndipo pansi pa Android pali kernel yomweyi. Pa ARM purosesa yachiwiri ikhoza kuona pointa ya kachinthu katsopano zam'kati mwake zisanaoneke. Zili ngati kuitanira alendo kumphasa nsima ikadali pamoto. N'chifukwa chake list_add_rcu imadzera mu rcu_assign_pointer, imene imati zonse zolembedwa kale zioneke kaye, pointa pambuyo. Zandikhudza, chifukwa foni zimenezi ndi zimene abale anga amalandirira ndalama.

Loweruka

RCU, njira imene list_add_rcu ija imagwiritsa ntchito, inalowa mu Linux mu 2002, ndipo dzina limene ndikukumana nalo paliponse ndi Paul McKenney. Mu RCU owerenga sagwira loko, koma olemba amagwirabe. Chimene chandisangalatsa ndi kachinthu kakang'ono: list_del imaika adiresi za poizoni mu next ndi prev kuti wogwiritsa ntchito chochotsedwa agwe poyera, pomwe list_del_rcu imasiya next osaikhudza. Mwina wowerenga wina waima pomwepo, ndipo ayenera kupeza njira yopitirira. Kumasula memory kumadikira synchronize_rcu, owerenga akale onse atatuluka.

Mawa ndiyamba memory-barriers.txt, chikalata chachitali chimene David Howells anayamba kulemba mu 2006. Ndiziwerenga gawo limodzi, kenaka n'kujambula mapurosesa awiri pa pepala.