Tikukafuna mkungudza pa Mulanje

Ife a kalabu ya Master Guide tagwirizana kuti tchuthi cha mwezi wa Ogasiti tikakwere phiri la Mulanje, ndipo ntchito yokonza dongosolo la ulendowu anaipereka kwa ine. Tilipo asanu ndi atatu. Anzanga ambiri mtima wawo uli pa Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, kuti akajambulitse chithunzi choika pa WhatsApp. Ine mtima wanga uli pa mkungudza.

Kuyambira ku pulayimale tinkaloweza kuti mtengo wa fuko lathu ndi mkungudza wa ku Mulanje, ndipo a Kamuzu Banda anaulengeza chomwecho mu 1984. Tinkalemba pamayeso n'kukhoza, koma m'kalasi mwathu monse panalibe amene anauonapo. Ngakhale lero chomwe ndimaudziwira ndi kabokosi kosema komwe agogo amasungiramo singano ndi ulusi. Ukakatsegula kamanunkhirabe, ngakhale kakhala zaka zambiri. Fungo lomwelo, komanso mfundo yoti matabwa ake chiswe sichidya, ndi zomwe zaupalamulira mtengowu. Akatswiri amautcha Widdringtonia whytei, potengera dzina la Alexander Whyte, ndipo mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi koma paphiri ili lokha. Ukausiya umatalika mpaka mamita 40, koma umakula pang'onopang'ono, ndipo waung'ono supirira moto wolusa.

Mu 2017 anthu ochita kafukufuku anayenda paphiripo n'kupeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha ili chiimire. Isanu ndi iwiri! Ife okwerafe tachuluka kuposa iyo. Ndipo chiwerengerocho n'chakale, macheka sanapume chaka chimenecho. Phirili linakhala nkhalango yotetezedwa kuyambira mu 1927, choncho sitinganene kuti lamulo panalibe.

Dongosolo lathu ndi la masiku asanu, ndipo talimanga mozungulira Sabata. Lachitatu tidzanyamuka ku Likhubula, komwe kuli ofesi ya zankhalango, n'kukagona ku nyumba ya apaulendo ya Chambe. Lachinayi tidzafika ku Chisepo, m'munsi mwa Sapitwa. Lachisanu ndiye panavuta. Ena amati tikwere nsongayo Lamulungu titapuma, koma ndalama zogonera usiku wina palibe. Tinagwirizana kuti tidzalawire mbandakucha, ndipo 11 koloko ikakwana tisanafike pamwamba, tidzabwerera basi, popanda kukambirana. Nyengo imeneyi dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, komanso chiperoni chimatha kutseka njira mwadzidzidzi, munthu osamuona mnzake ali pafupi. Tikufuna Sabata lidzatipeze titasamba, nyemba zitapsa, osati tikukwawa pamiyala. Lamulungu m'pamene tidzatsike.

Pali timfundo tina tomwe buku la alendo silingakuuzeni. Ndalama za malo ogona ndi za wotiperekeza tidzalipiriratu kuti pa Sabata pasadzakhale zogwira chikwama. Wotiperekezayo tamuuza kale kuti tsikulo sitiyenda koma malipiro ake adzalandira onse, chifukwa kupuma kwathu kusakhale njala ya ana ake. Chakudya ndi chopepuka: ufa, soya pieces, nyemba, chiponde, mtedza, mchere. Mlongo wina anapempha kuti titenge mbatata, koma atanyamula chikwama chodzaza n'kuzungulira bwalo la mpira kawiri, nkhaniyo anaisiya yekha. Bulangete, juzi ndi nsapato zogwira pamwala ndiye zosakambirana.

Makolo nawo anali ndi mawu. Azakhali anga atamva dzina la Sapitwa anagwira pakamwa. Iwo anakula akumva kuti kumeneko kuli mizimu, kuti ukapeza chakudya panjira udye wekha osaitana mnzako, apo ayi subwerako. Ndinawayankha kuti, “Azakhali, inu nomwe munandiphunzitsa kuti akufa ali m'tulo.” Anaseka, koma anati ndipitebe ndi munthu wodziwa njira. Pamenepo sindinatsutse. Anthu anasowapo ndithu paphirili, ndipo chifunga, kuzizira ndi maphompho n'zokwanira kumeza munthu woyenda yekha.

Mbale wina anandifunsa kuti, ngati mitengoyo inatha, tikavutikiranji kukaona zitsa? Funso lake n'lomveka, koma ine sindikugwirizana naye. M'zigwa za paphiripo mukadali timankhalango ta mitengo ina yakalekale, yokutidwa ndi ndere, yomwe ocheka sanaifune. Palinso mbande za mkungudza zomwe bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust ladzala mothandizana ndi anthu a m'midzi yozungulira. Koma ngakhale chitsa chenichenicho ndikufuna ndikachione, ndikachiyeze ndi mikono yanga. Zaka ziwiri zikubwerazi ndidzaima kutsogolo kwa ana a Fomu 1, ndipo sindikufuna kudzawauza za mtengo wa fuko ngati mmene anandiuzira ine, dzina lokha pabolodi.

Kutchalitchi timawerenga kawirikawiri za mikungudza ya ku Lebano yomwe Solomo anamangira kachisi, ndipo timaimva ngati nkhani yakutali. Komatu yathu ili m'boma la Mulanje, ulendo wa minibasi kuchokera ku Limbe. Sindikufulumira kuweruza mnyamata amene amasenza thabwa pamutu kutsika nalo phiri lonselo, chifukwa amene amalemera nalo si iyeyo. Wogula ali m'tauni, ndipo mwina amakhala nafe pabenchi limodzi Sabata m'mawa.

Malo awiri akadalipo. Amene akufuna adzationa Lachiwiri likubwerali ikatha mapemphero a madzulo, atavala nsapato zomwe akufuna kukwerera, chifukwa tidzayamba n'kuziyesa.