Usipa wa Amayi ndi Mbendera ya Pansi pa Nyanja

Ine ndinabadwira kwa Chigaru, ndipo nyanja ndinayamba kuiona ndi maso ndili ndi zaka 19. Komabe nyanjayo ndi imene yandiphunzitsa sukulu. Mayi anga amagulitsa usipa pa msika wa Lirangwe, ndipo timilu tausipa timene amayala pathumba ndi timene tandigulira makope kuyambira ku pulayimale. Nawo madzi a nyanjayo amatidutsa pafupi, pa mlatho wa Zalewa, atasanduka Shire.

Chaka chatha mphunzitsi wathu anatipatsa nkhani ya Chingerezi yonena za Arctic kuti tiitanthauzire m'Chichewa. Arctic ndi dera la kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, kumene nyanja imakutidwa ndi madzi oundana. Chifukwa cha kutentha kwa dziko, madziwo akusungunuka, ndipo mafuta, nsomba ndi njira za sitima zimene zinali zobisika zayamba kukopa mayiko. Mu 2007 dziko la Russia linatumiza sitima yapansi pa madzi kukazika mbendera pansi pa nyanjayo, pa kuya kwa makilomita oposa 4. Nditawerenga zimenezi ndinasiya cholembera, chifukwa nkhaniyi ndinali nditaimvapo kale m'nyumba mwathu.

Mu 2011 boma lathu linapereka chilolezo kwa kampani ya Surestream kuti ifufuze mafuta m'nyanja ya Malawi. Posakhalitsa mkangano wakale ndi Tanzania unadzuka. Ife timagwira pangano la Heligoland la 1890, limene Britain ndi Germany anaika malire m'gombe la kuvuma, pamene anzathuwo amati malire adutse pakati pa nyanja. Joaquim Chissano, Thabo Mbeki ndi Festus Mogae anayesa kuyanjanitsa mbali ziwirizi, koma zokambiranazo zinaima mu 2014. Ndinali mwana nthawi imeneyo, koma ndimakumbukira amayi atatchera khutu ku wailesi, nkufunsa kuti, "Nanga mafutawo akatayikira m'madzi, usipa udzakhala wa dziko liti?" Palibe amene anawayankha.

Chimene chinandidabwitsa m'nkhani ya Arctic ndi chakuti mayiko okokanakokana aja anagwirizanako chinthu chimodzi. Mu 2018, ku Ilulissat m'dziko la Greenland, Russia, America, Canada, China, Norway ndi ena anasaina pangano loti kwa zaka 16 pasakhale usodzi wa malonda pakati pa nyanja ya Arctic, kuti akatswiri ayambe adziwa nsomba zimene zilimo. Za malire sanamalize, koma nsomba anaziteteza kaye.

Ine ndimati dzikoli lili ndi mfundo yake pa pangano la 1890, ndipo sindikufuna kuti titaye ngakhale dontho. Koma usipa sudziwa za Heligoland. Umasambira kuchoka ku Karonga mpaka ku Mbamba Bay popanda chiphaso. Chikutiletsa ndi chiyani kugwirizana ndi Tanzania ndi Mozambique kuti pasakumbidwe mafuta kufikira titadziwa bwino chimene chingaonongeke? Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka.

Nditapita kumudzi patchuthi ndinawafotokozera amayi za pangano la ku Greenland. Anamvetsera akupepeta usipa m'lichero, kenako anati, "Anthu amenewo ali ndi nzeru. Tenga dengulo, msika watha kale kuyamba."