Ndisanakugulitseni giza, ndione kaye denga lanu

Ndine pulambala, ndipo ntchito yanga yambiri ndimagwira kuno kwa Likoswe, kuyambira ku Nguludi mpaka m'midzi ya m'mphepete mwa msewu wa Midima. Ndinayambira pa mipope, masinki ndi zimbudzi zamadzi, koma masiku ano ambiri akandiimbira foni amakhala akufunsa za giza ya sola. Chidwichi chinakula chaka cha 2022, namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mphamvu ya magetsi yokwana pafupifupi mamegawati 130. Amene anali ndi giza ya magetsi anabwerera pa mbaula. Ngakhale magetsi akhalepo, kutenthetsa madzi okwana malita 150 kuti afike posambika bwino kumadya mayunitsi pafupifupi 7, ndipo ndi tsiku limodzi lokha limenelo. Winayo amene alibe magetsi amathera nkhuni ndi makala, pomwe tonse tikuona mmene mitengo yathera m'phiri la Malavi.

Funso loyamba limakhala la mtengo nthawi zonse. “Achimwene, ya malita 200 ili pa bwanji?” Ine ndimayankha kuti, “Bambo, ndibwere kaye ndidzaone nyumba.” Ena amaganiza kuti ndikufuna ya thiransipoti. Zoona zake n'zakuti giza ya sola imayenda bwino kapena kukanika chifukwa cha zinthu zitatu zomwe m'sitolo ya ku Limbe simungazione: madzi a pakhomopo, denga, ndi kumene dzuwa limadzera.

Ambiri amasokoneza giza imeneyi ndi mapanelo a magetsi. Giza ya sola siipanga magetsi, ndipo siifuna batire. Yomwe yafala kuno ili ndi thanki yogona pamwamba, ndipo pansi pake pali machubu agalasi ondandalikana. Chubu chilichonse chili ndi magalasi awiri, lina mkati mwa linzake, ndipo mpweya wa pakati pake anaupopa wonse, monga zilili ndi fulasiki ya tiyi. Kutentha kukalowa sikutulukanso msanga. Madzi a m'chubu akatentha amapepuka n'kukwera okha kupita m'thanki, ozizira n'kutsika kudzalowa m'malo mwake. Amazungulira choncho tsiku lonse popanda pampu. N'chifukwa chake thanki iyenera kukhala pamwamba pa machubu, ndiponso yogona molingana bwino. Ikapendekeka, mbali ina ya machubu imatsala ndi mpweya, mphira zake n'kuyamba kudontha. Palinso mtundu wina wa galasi lafulati lokhala ndi mapaipi akopa mkati. Ndi wolimba ndithu, koma kukazizira ndi mitambo machubu amauposa.

Ndikafika pakhomo ndimayambira pa madzi. Giza imafuna madzi okwera okha mpaka padenga. Ngati banja limatunga pa mjigo ndi ndowa, ndimawauza mosabisa kuti ndalamayo ayambe agulira thanki ndi nsanja yake, chifukwa palibe mayi angakwere makwerero tsiku ndi tsiku atasenza chidebe. Thanki ya madzi ozizira iyenera kuposa giza kutalika, apo ayi giza siidzadza. Kwa amene ali ndi mpope, ndimatsegula n'kuona mphamvu yake m'mawa ndi masana, komanso ndimafunsa kuti madzi amasiya kangati. Zoti bungwe la Blantyre Water Board lili ndi malo oyeretsera madzi a mtsinje wa Likhubula pa Nguludi pompano sizitanthauza kuti khomo lililonse lili ndi mpope wodalirika. Pomwe madzi amasiyasiya, ndimalangiza giza ya puresha yochepa, yomwe madzi ake amatsika ndi kulemera kwawo kokha. Ndi yotsikirako mtengo, ndipo kukonza kwake n'kosavuta. Vuto lake n'lakuti pa shawa madzi otentha amabwera mofooka, ozizira a ku mpope n'kuwagonjetsa. Ndiye ndimatenga madzi ozizira a kubafa kuchokera m'thanki yomweyo yomwe ikudyetsa giza, kuti mbali ziwirizi zifanane mphamvu. Giza ya puresha yaikulu, yomwe m'machubu mwake muli timapaipi takopa m'malo mwa madzi, ndimaiika pokhapo pomwe mpope ndi wamphamvu.

Ndimalawanso madziwo. A m'zitsime zina amakhala ndi mchere womwe umasiya zoyera m'ketulo. Zimenezo zimamatiranso m'machubu, ndiye mwini wake adziwiretu kuti kutsuka kudzafunika pafupipafupi.

Za kukula kwa giza sizivuta: ndimawerengera malita 50 pa munthu aliyense wosamba pa shawa, ndipo osamba ndi ndowa amachepera pamenepo. Banja la anthu anayi likwanira ndi ya malita 200. Ndimangofunsa kuti amasamba nthawi yanji. Akasamba onse madzulo, madzi ozizira amalowa m'thanki usiku, ndipo ana a sukulu m'mawa apeza ofunda chabe.

Padenga m'pomwe ndimachedwa, ndipo m'pomwe ndimasiyana maganizo ndi eni nyumba ambiri. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Giza ya malita 200 ikadzaza, kuphatikizapo madzi a m'machubu, thanki ndi zitsulo zake, imapitirira makilogalamu 250, kuposa matumba asanu a chimanga. Katundu ameneyu sakhala tsiku limodzi, akhala pamenepo zaka. Nyumba zathu zambiri anafolera ndi malata opyapyala pa mitengo ya bulugama yotalikirana, yomwe ntchito yake inali kunyamula malata okha. Ndimalowa m'siling'i ndi tochi, ndimagogoda mtanda uliwonse, ndimabaya ndi sikuludiraiva kuona ngati chiswe kapena anankafumbwe sanadye mkati. Mtengo umatha kuoneka wabwino kunja uli fumbi lokhalokha mkati. Ndimafunafuna malo amene khoma la mkati mwa nyumba likudutsa pansi, kuti kulemera kutsikire pakhoma m'malo molendewera pakati pa chipinda chomwe ana amagona. Pakafunika kuwonjezera matabwa ndimaitana kalipentala. Denga likakhala lofooka kwenikweni sindikweza giza, ngakhale mwini wake anyinyirike. Timawotcherera nsanja yachitsulo pambali pa nyumba, miyendo yake n'kuikwirira mu konkire.

Mabawuti ndimamanga pa mtanda weniweni, osati pa lata, ndipo ndimaboola pamsana pa lata pomwe madzi a mvula sadutsa, n'kuikapo mphira ndi silikoni. Mphepo ya mvula yoyamba imasasula madenga chaka ndi chaka m'boma lino, ndipo giza yongokhazikidwa imagwira mphepo kwambiri. Chichitikireni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe anakokolola mudzi wa Ntauchira m'dera lathu lomwe lino, anthu ambiri amanganso nyumba. Amene akumanga ndimawapempha kuti andiitane denga lisanafoleredwe. Kuwonjezera matabwa awiri panthawi imeneyo n'kotchipa kusiyana ndi kudzaphwasula siling'i pambuyo pake.

Kenako dzuwa. Ife tili kummwera kwa dziko lapansi, choncho miyezi yambiri dzuwa limadzera chakumpoto. Limafika pamutu penipeni kumayambiriro kwa Novembala ndi Febuluwale, koma mu Juni masana limakhala litapendekera kumpoto madigiri pafupifupi 39. Nthawi imeneyo ndi yomwe munthu amafunitsitsa madzi otentha, ndiye machubu ayang'ane kumpoto, atapendekeka madigiri apakati pa 25 ndi 30. Eni nyumba ena amafuna giza iyang'ane kumsewu kuti odutsa aziiona, ena amafuna ibisike kuseri. Ndimatulutsa kampasi ya pa foni n'kuwaonetsa. Ndimayang'ananso mitengo. Mango ndi mapeyala a pakhomo ndi chuma, sindiuza munthu kuti adule, koma mthunzi wa mu Juni ndi wautali kuposa wa mu Okutobala, ndipo ndimasankha malo poganizira wautaliwo.

Tsiku loika timamanga chitsulo ndi thanki, kulumikiza mapaipi, machubu n'kukhala omalizira. Amakhala m'katoni yawo pamthunzi mpaka nthawi itakwana. Chubu chopanda madzi chikakhala padzuwa chimatentha mkati kupitirira madigiri 200, ndipo mukathiramo madzi ozizira chimaphulika nthawi yomweyo. Choncho timalowetsa machubu dzuwa litapendeka, titapaka madzi a sopo kukamwa kwake, n'kumapotoza pang'onopang'ono kuti mphira isapindike. Kudzaza madzi koyamba timachita usiku kapena mbandakucha. Lamulo lomweli ndimalisiyira mayi a pakhomo, popeza ndi amene amadziwa za madzi tsiku lonse: “Mayi, mpope ukauma giza n'kutha madzi, musaidzaze masana. Tsekani apa, mudzatsegule m'mawa dzuwa lisanatuluke.”

Mapaipi a madzi otentha si malo opulumutsirapo ndalama. Paipi ya PVC imafewa n'kuphulika. Pafupi ndi thanki ndimaika kopa, kutsogoloko PPR, ndipo yonse ndimaikutira kuti kutentha kusathawe m'njira. Giza ikhale pafupi ndi bafa, chifukwa paipi yaitali imataya ndowa yathunthu ya madzi ozizira otentha asanafike. Pamwamba pa giza ya puresha yochepa pali kapaipi kopumira. Anthu akaona kakutulutsa nthunzi amaganiza kuti kawonongeka n'kukatseka ndi chitsekerero. Kameneko sikatsekedwa, zivute zitani, chifukwa thankiyo siinapangidwe kuti isunge puresha.

Pali nyengo ziwiri zomwe ndimanena poyera ndisanalandire ndalama. Yoyamba ndi ya chiperoni. Nkhungu ndi mvula yowaza zikagwira masiku angapo mu Juni ndi Julayi, madzi amangofunda. Amene ali ndi magetsi a ESCOM angaikitse elementi yothandizira, yokhala ndi switchi yakeyake kuti aziyatsa pokhapo pafunika, ndipo waya wake amangidwe ndi wamagetsi wa chilolezo cha MERA. Yachiwiri ndi ya Okutobala, pomwe madzi amafika powira. Imeneyi ndi yomwe imandidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa khungu la mwana silichedwa kupsa. Pakhomo pomwe pali ana kapena agogo ndimaumirira valavu yosakaniza madzi otentha ndi ozizira asanafike pa mpope, ndipo m'ndowa ayambe athira ozizira.

Pogula, yang'anani kunsonga ya chubu chilichonse. Pakhale ponyezimira ngati siliva. Pakayera mbuu, ndiye kuti mpweya unalowa, chubucho sichigwiranso ntchito. Funsani ngati thanki ya mkati ndi yachitsulo chosachita dzimbiri, ndipo chikalata cha galanti chikhale cholembedwa. Gulirenitu machubu awiri kapena atatu apadera a saizi yomweyo, chifukwa pa giza ya puresha yochepa chubu chimodzi chikasweka ndi mwala, madzi onse amathera pansi, ndipo giza imaima mpaka chipezeke china. Chilimwe chikafika pukutani fumbi pa magalasi, ndipo kamodzi pachaka, mvula isanayambe, munthu akwere akaone mabawuti, mphira ndi zokutira mapaipi.